Kakiyi ka m'kamwa: mmene mungadutsire opaleshoni yofutukula nsagwada ya m'mwamba kuno ku Joni

Opaleshoni yanga inatenga ola limodzi ndi theka, koma ine sindinaione, ndinali m'tulo. Chomwe ndinaona ndi maso angawa, kawiri pa tsiku kwa masiku 16, ndi amuna anga ataima kumutu kwanga m'nyumba yathu ya lendi ku Rosettenville, foni yoyatsa tochi kumanzere, kakiyi kumanja, akuti: "Tayasamani bwino mayi, bowolo sindikuliona." Ngati adokotala akuuzani kuti nsagwada yanu ya m'mwamba ndi yothina ndipo siingafutukuke popanda mpeni, dziwiranitu kuti mpeniwo umangomasula fupa. Wofutukula nsagwadayo ndinu nomwe, kunyumba, ndi munthu amene mwamusankha kuti azikupotokolerani kakiyi ka chitsulo chofutukulira chomwe amakuikani m'kamwa. Choncho zambiri zomwe ndilembe pano ndi za kunyumba, za kalendala ndi za m'khitchini.

Kuthinako n'kotani

Mano a m'mwamba amayenera kuphimba a m'munsi ngati chivundikiro pa poto. Anga akumbuyo ankagwera mkati mwa a m'munsi mbali zonse ziwiri, zomwe madokotala amati crossbite. Ndinkadziluma tsaya pafupifupi sabata iliyonse. Denga la m'kamwa linali lakuya ngati chipande, mano akutsogolo anali okwerana, ndipo ndinkagona kukamwa kuli yasa n'kudzuka kukhosi kuli gwa. Kwathu ku Ntcheu ankangoti ndi chibadwa, ndinatengera mano a kuchimuna.

Fupa la nsagwada ya m'mwamba si limodzi. Ndi mafupa awiri, lamanja ndi lamanzere, omwe amakumana pakati penipeni pa denga la m'kamwa. Ganizirani liwombo la khanda: pamakhala pofewa, kenako mwana akamakula pamatsekeka. Msoko wa m'kamwawu nawo umatero, kungoti umachedwerapo. Mwa mwana wa pulayimale, dokotala amangoika kachitsulo kokankha ndipo msokowo umatseguka wokha, popanda kucheka. Munthu akapitirira zaka 15 kapena 16, mafupa aja amalumana ngati zala za manja awiri zolowetsana. Mukawakankha ndi chitsulo chokha pamsinkhu umenewo, fupa silisuntha, amangopendekera kunja ndi mano, nkhama n'kuyamba kuthawa. Ine ndinali ndi zaka 33. Dzina la opaleshoniyi mudzaliona pamapepala ndi SARPE, ena amalemba SARME.

Pano ndipatukeko pang'ono, amayi anzanga. Mwana akamagona chiyasamire, akamaliza mkonono, kapena akamayamwabe chala atayamba kale sukulu, pitani naye akamuone m'kamwa ali ndi zaka 7 kapena 8. Chomwe ine ndinachilipirira ndi mpeni, ngongole ndi zaka ziwiri, mwana amachithetsa ndi kachitsulo ka miyezi yochepa.

Denga la m'kamwa ndilonso pansi pa mphuno. Likafutukuka, njira ya mpweya imakulako. Ine tsopano ndimapumira m'mphuno usiku, koma adokotala anga anakana kundilonjeza zimenezo, ndipo ndinawalemekeza chifukwa cha kukanako.

Madokotala ndi awiri

Muyamba ndi orthodontist, dokotala wowongola mano ndi mawaya. Iyeyu ndi amene amayeza, amakonzetsa chitsulo chofutukulira chomwe amachitcha expander, ndipo ndi amene mudzakhale mukumuona mwezi ndi mwezi. Wocheka ndi wina, maxillofacial and oral surgeon. Awiriwa ayenera kukhala odziwana ndi olankhulana. Mukaona kuti mmodzi akukutumani kuti mukafotokoze nokha kwa mnzakeyo zomwe iye akuganiza, samalani. Onse muwafufuze pa intaneti m'kaundula wa HPCSA, bungwe lomwe limalembetsa madokotala m'dziko muno. N'zaulere, ndipo mumaona ngati munthuyo analembetsadi ngati katswiri kapena ndi dokotala wa mano wamba.

Ngati thumba silikulola zipatala zolipira, kuli sukulu ya madokotala a mano ya Wits, yomwe ili pa Charlotte Maxeke ku Parktown. Kumeneko madokotala omwe akuphunzira ukatswiri amagwira ntchito moyang'aniridwa ndi aphunzitsi awo. Ku Pretoria kulinso sukulu ziwiri zotere, ya University of Pretoria ndi ya Sefako Makgatho ku Ga-Rankuwa. Mupite ndi kalata yochokera kwa dokotala wa mano, mutenge pasipoti ndi pemiti, ndipo mukonzekere kudikira, chifukwa vuto lathuli si la ngozi.

Adzakujambulani mutu ndi makina a CBCT omwe amaonetsa fupa mbali zonse, ndi kutenga chikombole cha mano. Musatuluke m'chipindamo musanafunse mafunso awa. Akufuna kufutukula mamilimita angati? Chitsulocho chigwira mano, kapena achimangirira ku fupa ndi tizisikuluwu? Kodi pamsinkhu wanu njira yopanda kucheka, yomwe amati MARPE, singatheke? Kwa achinyamata a zaka za m'ma 20 nthawi zina imatheka. Ndipo funso lomwe ine ndinaiwala mpaka ulendo wachitatu: opaleshoniyi ndi yokhayi, kapena padzakhala ina? Ena akamaliza kufutukula amadzachitidwanso yachiwiri yosuntha nsagwada kupita kutsogolo kapena kumbuyo. Ndi bwino kudziwa msanga kuti mwakwera basi yopita kuti.

Mano obooka amatidwe kaye, nkhama zotuluka magazi zichire kaye. Osuta fodya, siyani masabata angapo tsikulo lisanafike ndipo musayambirenso fupa lisanapole, chifukwa utsi umachepetsa magazi opita pabala.

Ndalama ndi mapepala

Bilu si imodzi. Pali ya orthodontist, ya wocheka, ya dokotala wogonetsa, ya chipatala ndi fiyeta, ya zithunzi, ndi ya amisiri opanga chitsulocho. Pemphani mtengo wa chilichonse pa pepala. Mukaziphatikiza, ku zipatala zolipira, ndi ndalama zogulira galimoto yaing'ono yoyendapo kale.

Ine ndimagwira ntchito yowerengera ndalama pa kampani ina ya mathiraki ku City Deep, ndiye ndili pa medical aid, inshuwalansi ya zachipatala. Ulendo woyamba anakana, ati ndi zodzikongoletsa. Ndinalira m'chimbudzi cha kuntchito, kenako ndinapukuta maso n'kupempha adokotala kalata yofotokoza za kutafuna, za tsaya lolumidwa ndi za kupuma, osati za maonekedwe. Anaikapo zithunzi ndi nambala ya matenda ya ICD-10, yomwe kwa ine inali K07.2. Ulendo wachiwiri anavomera chipatala ndi gawo lina la wocheka. Mawaya ndinalipira ndekha mwezi ndi mwezi, ndipo chotsalira cha dokotala wogonetsa chinatha ndi ndalama za chipereganyu cha amayi a kutchalitchi, atandilola kudumpha mzere. Musagonekedwe opanda nambala ya chilolezo cha medical aid yolembedwa. Ngati mwangolowa kumene medical aid, lamulo limawalola kukudikiritsani miyezi itatu pa zonse, ndi miyezi 12 pa vuto lomwe munali nalo kale. Akakukanizani mopanda chilungamo, madandaulo amapita ku Council for Medical Schemes, bungwe loyang'anira ma medical aid.

Kuntchito, lamulo la Basic Conditions of Employment Act limapatsa munthu wogwira masiku asanu pa sabata masiku 30 a tchuthi cha matenda m'zaka zitatu zilizonse. Mukajomba kupitirira masiku awiri otsatizana, abwana ali ndi ufulu wofuna kalata ya dokotala, choncho itengeni musanatuluke m'chipatala. Ine ndinatenga masabata awiri. Wonyamula katundu kapena womanga afunika ochulukirapo.

Yang'ananinso tsiku lothera pemiti yanu. Kuchokera pa mpeni mpaka kuchotsa mawaya ndi zaka ziwiri kapena kuposerapo, ndipo si ntchito yoti n'kuisiyira panjira.

Mwezi wake

Musavomere tsiku la kumapeto kwa Novembala kapena la mu Disembala. Maofesi ambiri a madokotala amatseka pakati pa Disembala mpaka chaka chatsopano, ndipo nthawi yopotokola kakiyi ndi nthawi yomwe mufunika kuonedwa sabata iliyonse. Komanso mtima udzafuna kumudzi. Ulendo wa basi wodzera ku Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza, masiku awiri muli khale, nkhope ili yotupa, popanda madzi aukhondo ochukuchira m'kamwa, si wa munthu wochekedwa kumene. Uzanitu abale kuti kwa miyezi iwiri simubwera, ngakhale kugwe zovuta. N'zowawa kunena, koma nenanitu.

Ine ndinasankha Julaye poganiza kuti kuzizira kuchepetsa kutupa. Ndinaiwala kuti Johannesburg ili pamtunda wopitirira mamita 1,700 ndipo mpweya wa nyengo yozizira kuno ndi wouma ngati mkute wa dzana. Milomo inang'ambika, m'mphuno munauma, kamfuno kanandivutitsa masiku asanu. Ndikanati ndibwereze, ndikanasankha Malichi kapena Okutobala.

Sabata yomaliza ndi tsiku lenileni

Chitsulo changa, cha mtundu wa Hyrax, anachimata ku mano akumbuyo kutatsala masiku anayi. Masiku amenewo malovu amachuluka, lilime limasowa pokhala, ndipo kumeza kumaoneka ngati ntchito yoti uphunzire. Zimazolowereka.

Auzeni adokotala mankhwala onse omwe mumamwa: a BP, a shuga, ma ARV, olera, ngakhale a zitsamba omwe anakutumizirani agogo. Palibe woti akuweruzeni, ndipo dokotala wogonetsa amasankha mankhwala ake potengera zimenezo. Chinanso chomwe ambiri sitichidziwa: ufa uja wa mutu wa Grand-Pa, womwe timagula pa spaza ngati maswiti, uli ndi asipirini, ndipo asipirini amachedwetsa magazi kuundana. Disprin chimodzimodzi. Mutu ukawawa sabata imeneyo, imwani Panado.

Gulanitu mswachi wa mwana, sirinji yaikulu yopanda singano, timaburashi ting'onoting'ono tolowa pakati pa mano, Vaseline, madzi amchere opopera m'mphuno, ndi nandolo wa mufiriji mapaketi awiri woika pamasaya. Zonsezi zimapezeka ku Clicks, Dis-Chem ndi m'sitolo ya zakudya. Phikani supu wa masiku anayi mumuumitse. Blenda ndi yabwino, koma magetsi akathima mudzathokoza kuti muli ndi sefa ndi mthiko.

Kusala kudya tsatirani ola lomwe akupatsani, osaonjezera ngakhale kapu ya tiyi. Ku fiyeta amakugonetsani tulo tofa nato, ndipo kawirikawiri paipi yopumira amailowetsa m'mphuno kuti m'kamwa mukhale malo. Amacheka mkati mwa mlomo wa m'mwamba, kumtunda kwa nkhama, choncho kumaso sikukhala chipsera. Kenako amadula fupa chopingasa pamwamba pa mizu ya mano mbali zonse, kutsata mzere womwe amautcha Le Fort I, dzina la dokotala wa ku France, René Le Fort, yemwe mu 1901 anafotokoza malo omwe mafupa a nkhope amakonda kuthyokera. Pomaliza amagawa fupa pakati pa mano awiri akutsogolo. Amapotokola sikuluwu ya pakati pa chitsulo chija pang'ono kuti aone ngati mbali zonse zikusuntha, n'kusoka ndi ulusi wosungunuka wokha. Nsagwada samazimanga ndi mawaya, mumatha kuyasama ndi kulankhula mukadzuka. Ine ndinagona usiku umodzi. Ena amatuluka tsiku lomwelo. Pakhale wokutengani pa galimoto, osati kukaima pamzere wa matekisi ku Bree.

Sabata yoyamba

Ululu si wochuluka ngati mmene mukuopera, chifukwa mlomo, nkhama ndi mano akutsogolo zimachita dzanzi. Chovuta ndi kutupa, komwe kumafika pachimake tsiku lachiwiri ndi lachitatu. Mwana wanga wamkazi atandiona anabisala kuseri kwa bambo ake. Gonani pa mapilo atatu. Nandolo wozizira uja mukulunge pa kansalu, muike mphindi 20, muchotse mphindi 20, masiku awiri oyamba.

Osamina. Ili ndi lamulo lalikulu, kwa masabata awiri kapena monga adokotala anenera. Mpeni umadutsa m'mphako za mpweya za m'masaya, ndipo mukamina mpweya umalowa m'minofu, tsaya n'kufufuma nthawi yomweyo, kapena magazi n'kuyambiranso. Mamina muzingopukuta. Kuyetsemula kukabwera, yasamani kutulukire kukamwa. Osamwera kapaipi, osawerama nthawi yaitali, osanyamula ndowa. Timagazi tochepa m'mphuno ndi m'malovu si tachilendo masiku oyamba.

Pakapita tsiku limodzi yambani kuchukucha mofatsa ndi madzi ofunda amchere, theka la supuni yaing'ono m'kapu, mukatha kudya chilichonse. Mankhwala ochukuchira a chlorhexidine mugwiritse ntchito masiku omwe akuuzani okha, chifukwa akapitirira amadetsa mano ndi lilime. Ndipo tiyi muzimuyesa ndi chala. Mlomo wa dzanzi sumva kutentha. Ine ndinapsa osadziwa, ndinangoona thuza m'galasi.

Kakiyi

Sabata yoyambayo simukhudza sikuluwu. Madokotala ambiri amadikira masiku 5 mpaka 7 kuti pomwe adulapo pamere kanyama kofewa, komwe kadzasanduke fupa. Nzeru yake inachokera kwa dokotala wa ku Soviet Union, Gavriil Ilizarov, yemwe ku Kurgan ankatalikitsa miyendo ya anthu podula fupa n'kumalikoka pafupifupi milimita imodzi pa tsiku. Thupi limathamangira kudzaza mpatawo ndi fupa latsopano. Mukakoka mwaliwiro, fupa silikwanitsa kutsatira. Mukazengereza, limalumana musanafike pomwe mukufuna, ndiye mpeni uja wapita pachabe. N'chifukwa chake chiwerengero chomwe akupatsani si choti muzichisintha malinga ndi mmene mwadzukira.

Pa zitsulo zambiri za mtundu wa Hyrax, kupotokola kamodzi ndi 0.25 mm, kanayi ndi milimita imodzi. Ine ankafuna mamilimita 8. Ndiye kupotokola ka 32, kawiri pa tsiku, m'mawa ndi madzulo, masiku 16. Chanu chikhoza kusiyana. Muchilembetse pa pepala.

Sankhani munthu mmodzi wa dzanja losanjenjemera ndi maso akuthwa, ndipo apite nanu tsiku lomwe adokotala akupotokola koyamba, kuti ulendo wachiwiri apotokole yekha iwo akuona. Kudzipotokola nokha pagalasi n'kotheka, koma galasi limatembenuza zinthu ndipo dzanja lanu lomwe limatchinga kuwala. Achemwali anga anadzipereka, koma amakhala ku Cosmo City, ndipo ntchito ya kawiri pa tsiku imafuna wogona naye nyumba imodzi.

Kachitidwe kake ndi aka. Tsukani m'kamwa kaye, chifukwa kachidutswa ka chakudya kamabisa bowo. Gonani chagada pabedi kapena pampando wautali, pilo ali pansi pa mapewa kuti mutu ugwere kumbuyo. Wopotokolayo asambe m'manja, aime kumutu kwanu kapena pambali, aunike. Pakati pa chitsulocho pali kagudumu kokhala ndi mabowo, ndipo limodzi limakhala likuyang'ana kutsogolo, cha kumano. Alowetse kakiyi m'bowo limenelo mpaka kafike pamapeto. Kenako akankhe mofatsa kulowera kukhosi, komwe kukuloza kamuvi kojambulidwa pa chitsulocho, osaima panjira, mpaka bowo latsopano lionekere lonse kutsogolo. Potulutsa, akakokere pansi cha kukhosi komweko, asakabweze njira yomwe kadzera. Ngati kakiyi kanu ndi kawaya chabe kopanda chogwirira, kamangeni ulusi wolimba n'kuukoleka kudzanja, kuti kakapulumuka kasapite kum'mero.

Tsiku lachisanu la kakiyi ife tinalakwitsa. Amuna anga anali akuchedwa kuntchito, ndipo potulutsa anakokera kutsogolo, gudumu lija n'kubwerera theka. Madzulo bowo silinaoneke, lakale labisala kumbuyo, latsopano silinatulukire. Anatuluka thukuta mu Julaye. "Mayi, ndaononga chinthu cha ndalama zambiri." Ine chiyasamire, ndikulephera ngakhale kuwayankha. Mankhwala ake ndi osavuta: mumafufuza bowo lomwe munagwiritsa ntchito, kumbuyo kuja, n'kumalizitsa kukankha mpaka latsopano litulukire. Tinaimba foni m'mawa mwake, ndipo anatiuza kuti tiwerenge tsikulo ngati tapotokola kamodzi, osati kawiri.

Werengani polemba, osati pamtima. Ife tinapachika kalendala kukhitchini ndipo mwana ndi amene ankachonga, ntchito yomwe anaigwira mwaukali kuposa kapitawo wa ku esiteti. Mukaiwala ulendo umodzi musabwezere popotokola kawiri nthawi imodzi musanafunse.

Mukapotokola mumamva kukankha pakati pa maso, pamwamba pa mphuno, m'masaya ndi m'mano akutsogolo, kwa mphindi zingapo, kenako zii. Ena amamva kulira kwa "the" mkati, si kuthyoka. Koma kakiyi kakamakana, kapena ululu ukakhala wobaya ndi wosatha, musalimbane nako. Mwina mbali ina sinamasuke bwino. Madzulo aliwonse jambulani mano ndi foni, mutaima malo omwewo. Mukaona kuti mbali imodzi yokha ndi yomwe ikuyenda, kapena dzino lina lakutsogolo latsika kuposa linzake, tumizani chithunzicho kwa adokotala tsiku lomwelo, musadikire tsiku lanu lokaonedwa.

Mpata

Pofika tsiku lachitatu la kakiyi, pakati pa mano anga awiri akutsogolo panayamba kuwala. Pofika la 16 pensulo inkalowa. Adokotala anali atandiuza, koma kumva ndi kuona n'zosiyana. Ndinkadziyang'ana m'galasi la kubafa n'kumadzifunsa kuti ndalipira ndalama zonsezi kuti ndioneke chonchi?

Mpatawo ndiwo umboni woti fupa lagawikadi. Woyenera kuda nkhawa ndi amene akupotokola koma mpata osaoneka, chifukwa ndiye kuti akungokankha mano.

Azakhali anga atandiona pa vidiyo ya WhatsApp anaomba m'manja. "Mwana wa achimwene, wakongolatu! Kale atsikana ankachita kusemetsa mano kuti apeze mpata ngati umenewu. Auze adokotalawo ausiye." Kuntchito kunalibe wondiuza zotero. Mawu okhala ndi s, z ndi ts ankatuluka ndi likhweru, ndipo kutchula Rosettenville kwa woyendetsa tekisi inali nkhondo. Ndinapempha abwana kuti kwa mwezi umodzi makasitomala ndiziwalembera imelo m'malo mowaimbira. Kwaya ndinapumira. Chomwe chinandithandiza ndi kuwerenga Masalimo mokweza mphindi 10 madzulo aliwonse, lilime linaphunzira msanga malo ake atsopano. Masiki yotsala nthawi ya Covid inagwiranso ntchito m'tekisi.

Musakakamize adokotala kuti atseke mpatawo msanga. Mizu ya mano awiriwo ili m'mphepete mwa fupa lanthete, ndipo kuwakokera pamenepo fupa lisanakhwime n'kuwaika pangozi. Mukasiya kupotokola, manowo amayamba kuyandikirana okha chifukwa cha timinyewa ta m'nkhama tomwe timawakoka. Wanga unachepa ndi theka m'miyezi iwiri popanda wougwira.

Zakudya

Kwa masabata 4 mpaka 6 simutafuna cholimba. Masiku oyamba ndi zakumwa: phala losefa lothira chiponde, amasi, yogati, supu wa butternut, mageu. Kenako mapeyala, nthochi zakupsa kwambiri, mbatata yopota, mazira ofewa. Chomwe chinandisunga ine ndi chipere. Nyemba zochotsa makoko, zopotedwa bwino, zimakhutitsa ndipo fupa lomwe likumera limafuna chakudya chomanga thupi, osati phala lokhalokha. Ndinatsika makilogalamu 4, ndipo akanakhala ambiri chipere chikanapanda kubwera m'chidebe kuchokera ku Cosmo City Loweruka lililonse.

Nsima ndinayamba sabata yachitatu, yofewa, timbamu tating'ono, ndi therere chifukwa limatsetsereka lokha. Dziwani kuti nsima imakamatira pakati pa chitsulo ndi denga la m'kamwa. Apa ndi pomwe sirinji ija imagwira ntchito: dzazani madzi ofunda, lozetsani pamwamba pa chitsulocho, tsirani mwamphamvu mutaweramira pa sinki pang'ono. Muziyenda nayo m'chikwama. Mpunga umabisala m'makona onse, masamba osadula bwino amakulunga sikuluwu, ndipo usipa ndi bonya ndinazisiya nditachotsa kamunga m'nkhama ndi chotsinira nsidze. Chimanga chootcha, mtedza wokazinga, nzimbe ndi biltong muziiwale kaye. Ngakhale masabata aja atatha, musalume chilichonse ndi mano akutsogolo mpaka adokotala atakulolani.

Zofunika kuthamangira kuchipatala

Magazi a m'mphuno ofiira kwambiri osasiya mutatsina mphuno mphindi 15, kapena otsikira kukhosi ochuluka: pitani ku casualty, komwe amalandira odwala mwadzidzidzi, ngakhale pakati pa usiku, ngakhale patapita sabata chichitireni opaleshoni. Kutupa koyambiranso kutaphwa kale, thupi kutentha, mafinya kapena fungo loipa: imbani foni tsiku lomwelo. Chitsulo chikagwedera kapena kumatuka mbali imodzi, siyani kupotokola ndipo chikonzedwe mwamsanga, chifukwa popanda icho nsagwada imabwerera. Dzino lakutsogolo likayamba kuda kapena kufiirira, auzeni. Nthawi zina limabwerera mwakale, nthawi zina mtsempha wake umafa ndipo limafunika kutsukidwa muzu.

Dzanzi lokha lisakuopseni. Mlomo wanga unadzuka patatha masabata 6, ndi kuyabwa ngati mukuyenda nyerere. Nkhama za pamwamba pa mano akutsogolo zinatenga miyezi 7. Mphuno nayo imatambasukako pang'ono m'munsi. Amuna anga sanaone kusiyana, achemwali anaona tsiku loyamba.

Mukamaliza kupotokola

Adokotala amafutukula mopitirirako pang'ono dala, chifukwa nsagwada imabwererako, choncho musadabwe mano akumbuyo akamaoneka ngati apitirira. Sikuluwu amaimanga ndi kawaya kapena kuimata kuti isabwerere, ndipo chitsulocho chimakhala m'kamwa miyezi ina 3 mpaka 6. Fupa latsopanolo lili ngati simenti yongothira kumene, matabwa sachotsa tsiku lomwelo. Changa chinakhala miyezi 6. Atachichotsa, denga la m'kamwa linali lofiira, lokhala ndi chidindo cha chitsulo, ndipo linapola m'sabata imodzi. M'malo mwake anaika kawaya kopyapyala kopingasa kuti kagwirizize, kenako mawaya a mano onse. Mpata unatsekeka mwezi wachinayi wa mawayawo. Azakhali mpaka lero amati adokotala anandilanda.

Mawaya anakhala miyezi 19. Tsopano ndimavala retainer, chogwirizira mano kuti asasunthe, usiku uliwonse, ndipo anandiuza mosabisa kuti ndikaisiya mano adzayamba ulendo wobwerera. Ndikapita kumudzi imakhala m'chikwama cha m'manja pamodzi ndi pasipoti, osati m'katundu wa pansi pa basi.

Chimanga chootcha choyamba ndinagula kwa mayi wina pafupi ndi Park Station, patatha sabata mawaya atachoka. Musachilume kuchitsononkho ngati kale. Konolani ndi chala, muike njere zochepa kumano akumbuyo, mutafune mbali zonse ziwiri mosinthana. Mano amakhala asanazolowerane, ndipo minofu ya nsagwada imatopa msanga. Ine ndinadya mizere itatu yokha, chotsalacho anamaliza mwana.